Mawinga akale ndi mpira wa mikwingwirima: inu ankakuimiritsani ndani?

Maule wa ku Chilomoni analemba:

Akuluakulu, funso langa likupita kwa inu amene munaonerako mpira pa Kamuzu Stadium asanayale kapeti uja, nthawi imene panali kapinga weniweni, wothothoka pakati ndi pagolo. Winga amene ankakuimiritsani akangogwira mpira anali ndani? Nanga masewero ankhanza kwambiri amene munawaona ndi maso anu ndi ati?

Ine wanga ndi Fischer Kondowe wa Bullets, wotchedwa Anong'a. Ndikudziwa kuti a Manoma, otsatira Wanderers, mwayamba kale kupukusa mitu, koma ndimvereni kaye.

Liwiro analinalo, limenelo palibe angatsutse. Difenda akamatembenuka ankangoona madiredi akupita. Koma chimene chinkandikoka ine kwa Fischer chinali mtima. Munthu uja thupi lake si lalikulu, ndipo madifenda a nthawi imeneyo anali zimphona zoti zikakuponda phazi umamva mpaka m'mutu. Mpira ukangoyamba ankamutchetcha, kumuponyera kunja kwa mzere mpaka kukatsamira zikwangwani za malonda. Iye n'kudzuka, kukweza sokosi, refu osamuyang'ana n'komwe. Mpira wotsatira ukamupeza ankalunjika kwa munthu yemwe wamugwetsa uja. Osathawira pakati, osabwezera kumbuyo kwa difenda wathu Peter Mponda. Yemweyo basi. Ankaima pang'ono mpira uli pansi pa phazi, n'kugwetsa phewa ngati akulowa mkati, difenda n'kutsatira phewalo, iye wadutsa kunja kalekale. Akafika cha ku mbendera ya kona kolosi yake inkabwera yotsika, yamphamvu, yongofuna kuti wina aikepo mutu kapena chala.

Ife tinkakhala ku sitandi yotchedwa Biafra. Tsiku la masewero akulu umayenera kulowa m'mawa, apo ayi malo supeza, ndiye umakhala pa simenti yotentha ija dzuwa likuswa mtengo, m'thumba muli mtedza ndi nzimbe. Chigawo chimene Fischer ankathamangira mbali yathu ndi chimene tinkalipirira ndalama zathu. Pafupi chonchi umamva zonse: kupuma kwa osewera, kutukwanizana kwawo, ndi kulira kwa nsapato ikamenya fupa la mwendo. Phokoso limenelo pa wailesi silimveka.

Chaka cha 2004, timu ikutchedwa Bakili Bullets, kochi ali Kinnah Phiri, tinatulutsa Orlando Pirates n'kulowa m'magulu a CAF Champions League. M'gulu lathu munali Enyimba ya ku Nigeria, Étoile du Sahel ya ku Tunisia ndi Africa Sports ya ku Ivory Coast. Enyimba yomweyo ndi imene inatenga chikho chaka chimenecho. Kunyumba kuno ligi tinaitenga zaka zisanu ndi ziwiri zotsatizana, kuyambira 1999 mpaka 2005. Anthu akamakamba za timu imeneyo amathamangira kutchula ogoletsa, koma ine ndimati mipira yambiri inkaphikidwa kumbali. Fischer anapita ku South Africa, anabwerako, n'kuvalanso jezi yofiira mpaka atapitirira zaka 40, akuthamangitsabe ana oti angakhale ake obereka.

Lero ndikaonera ligi yathu mtima umandiwawa. Winga walandira mpira, difenda ali yekhayekha kutsogolo kwake, kumbuyo kwa difendayo kuli bwalo lonse, iye n'kutembenuka kubwezera kumbuyo. Wamanzere amamuika kumanja kuti azilowa mkati n'kuwombera, mzere wakunja n'kumangokhala wopanda mwini. Sindikunyoza ana a lero ayi. Chigoli cha Gabadinho chomwe anamwetsa Morocco mu January 2022 ndinachikuwira mpaka mawu kutha. Koma munthu wolunjika difenda maso ndi maso, wogwetsedwa n'kubweranso pomwepo, ndikumusowa.

Ndiye tiuzeni, wanu anali ndani?

---

Nyerere Yakale anayankha:

Mwana wanga wa ku Chilomoni, walemba bwino, ndipo Fischer sindimukana. Ankatisowetsa mtendere ife a ku Lali Lubani, kwawo kwa Wanderers. Koma iwe wayambira pakati pa nkhani.

Ngakhale kwanu ku Bullets komweko, Fischer asanabwere kunali Lawrence Waya, Lule. Ine ndine wa Wanderers kuyambira ikutchedwa Yamaha, kenako Limbe Leaf, ndipo kutamanda munthu wa Bullets sikundikomera m'kamwa, koma Lule anali wina. Fischer ankakupitirira ndi liwiro. Lule ankakupitirira ukumuyang'ana. Mpira unkakhala ngati wamangiriridwa ku phazi, ndipo akakudyetsa njomba bwalo lonse linkaseka, ife omwe a timu yodyetsedwayo tikuseka nawo mobisa.

Kunalinso Clifton Msiya. Mu 1984 Flames itapita koyamba ku Africa Cup of Nations ku Ivory Coast, tinakumana ndi Nigeria ku Bouaké. Tinatsogola 2-0, chimodzi mwa zigolizo chili cha Clifton, Nigeria n'kudzabweza zonse, masewero n'kutha 2-2. Kumbukira kuti Nigeria imeneyo inakafika mu fainolo. Kanema kunalibe kuno, TVM inadzabwera mu 1999. Tinali titazungulira wailesi ya mabatire pakhonde la golosale ku Bangwe, mwini wake atasiya kugulitsa. Clifton tinkamudziwa kale pabwalo, ndiye woulutsa akangotchula dzina lake aliyense ankamuona m'mutu mwake mmene akupindira thupi.

Za nkhanza, ndikuuze chinthu chimodzi. Si madifenda onse akale amene anali odula miyendo. Jack Chamangwana, wotchedwa Africa, Mulungu ause mzimu wake, ankakulanda mpira kabudula wake ali woyera. Ankadziwa kumene mpira ukupita iwe mwini usanaganize. N'chifukwa chake Kaizer Chiefs inamutenga. Odula miyendo anali aja osowa nzeru za Jack, ndipo analipo ambiri, m'timu iliyonse, yathu yomwe.

Masewero olimba kwambiri amene ndinawaona anali a matimu a asilikali, makamaka ukawatsatira kwawo ku Zomba. Anyamata aja sankatopa. Mphindi 80 zakwana, iwo akuthamanga ngati angoyamba kumene, ndipo phewa lawo likakukhudza umakagwera uko. Sindikunena kuti ankachita zachinyengo. Anali olimba basi, ndipo winga wamantha kumeneko ankapempha yekha kuti atuluke.

Flames ya kochi Ted Powell imene inatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 ndi 1979 inakulira mu mpira woterowo. Ya 1987 imene inabwera ndi mendulo ya bronze kuchokera ku All-Africa Games ku Nairobi, itagonjetsa Cameroon, chimodzimodzi.

---

Namba 3 wa ku Thyolo anayankha:

Inu nonse mukukamba muli pa sitandi. Ine ndikambe za mkati, chifukwa ntchito yanga inali yoletsa mawinga amene mukuwatamandawa. Sindinafike mu Super League ayi. Ndinasewera kumbuyo kumanzere m'timu ya pa esiteti ina ya tiyi, m'ligi ya m'chigawo, m'zaka za m'ma 1980.

Kochi wathu, amene masana anali kapitawo wa m'munda, ankatiuza tisanalowe kuti winga apatsidwe moni msanga. Mpira wake woyamba umalowa ndi thupi lonse, mpira ndi munthu pamodzi, kuti adziwe kuti mbali ino kuli eni ake. Ukatero umamuyang'ana m'maso akamadzuka. Ambiri ukawaona akuyang'ana ku benchi umadziwa kuti lero wamaliza ntchito, sabweranso. Koma analipo ena, ochepa, amene ankadzuka akumwetulira. Amenewo ndiwo ankatisowetsa tulo, chifukwa khadi lachikasu ukalandira msanga, mphindi zonse zotsalazo iye ndiye mfumu. Ndiye zimene akunena achimwene a ku Chilomoni za Fischer ndikuzimvetsa bwino kwambiri. Difenda saopa liwiro. Amaopa munthu amene wamumenya koma osasintha maganizo.

Tsono muzikumbukiranso mmene zinthu zinalili. Zotchingira miyendo zogula kusitolo tinalibe. Tinkadula katoni kapena patapata wakutha n'kulowetsa m'sokosi. Nsapato ikatha mano tinkapita nayo kwa wosoka nsapato kumsika, iye n'kukhomera zikopa ndi timisomali, ndipo timisomali timeneto tikatulukira tinkang'amba mnofu ngati lumo. Bwalo lathu mbali ina linali la miyala, ukagwa chikopa cha ntchafu chimatsala pomwepo. Dokotala wa timu anali ndowa ya madzi ndi siponji. Osintha ankaloledwa awiri okha, ndiye ukavulala awiriwo atalowa kale, umangomangidwa bandeji n'kukaima kutsogolo kuti chiwerengero chikwane.

Malamulo nawo ankatikondera ife akumbuyo. Zikakuthina umangobwezera goloboyi, iye n'kugwira ndi manja. Zimenezo zinadzaletsedwa mu 1992. Kulowa munthu chakumbuyo kunadzakhala kwa khadi lofiira mosakambirana mu 1998. Isanafike nthawi imeneyo refu ankangokuloza chala. Komanso taganizirani refu wabwera yekha pa basi, wapolisi palibe ndi mmodzi yemwe, ndipo masewero akatha ayenera kudutsa pakati pa anthu a pamudzipo kuti akakwere basi yobwerera. Khadi lofiira alitulutsa bwanji kwa mwana wa pakhomo?

Ngakhale kunja zinali choncho. Amene munaonera tepi ya Cameroon ndi Argentina ya 1990 m'mavidiyo sho mukukumbuka mmene Benjamin Massing anamulowera Caniggia mpaka nsapato yake yomwe kuvuka. Cameroon inamaliza ndi anthu 9 koma inapambana 1-0. Mu holo imene ndinaonera ine anthu ankauza wa vidiyo kuti abwezere pomwepo, osati pa chigoli cha Omam-Biyik.

Koma ine kunena zoona sindiulakalaka mpira umenewo. Tinali ndi mnyamata wathu kumanja, wa zaka zosakwana 20, wothyola tiyi ngati ife tomwe, amene aliyense ankati ameneyu apita ku Blantyre. Tsiku lina difenda wa timu ina anamulowa miyendo iwiri mpira utapita kale. Tonse tinamva kuthyoka. Galimoto panalibe, anamunyamula pa thirakitala yonyamula masamba kupita naye kuchipatala, ife tikumugwirizira mwendo ndi timatabwa ta bokosi. Anachira, koma mpira unathera pomwepo, ndipo mpaka lero amayenda motsimphina. Amene anamuthyolayo sanalandire ngakhale khadi. Ineyo bondo langa lamanzere chiperoni chikangoyamba limandiuza nyengo isanafike.

---

Maule wa ku Chilomoni anayankha:

Madala a Nyerere, Lule ndinamupeza chakumapeto, ndili mwana wonyamulidwa paphewa, ndiye sindingalimbane nanu. Bambo anga ankanena zomwe mwanenazi, ndipo iwo ankawonjezera Chancy Gondwe.

Achimwene a Namba 3, nkhani ya mnyamata wanuyo yandikhudza. Sindikufuna kuti miyendo izithyoka ayi. Koma taonani mbali inayi: lero malamulo akumuteteza winga kuposa kale lonse, bwalo ndi losalala, zotchingira miyendo ali nazo, osintha ndi asanu. Bwanji tsono ndi lero lomwe akuopa kulunjika difenda? Fischer ankachita zimenezi akudziwa kuti amenyedwa. Wa lero akudziwa kuti akangokhudzidwa refu aimba, koma akubwezabe kumbuyo. Ine ndikuona ngati vuto lili kwa makochi a ana. Mwana amene wakulira pa chikulunga m'fumbi la ku Ndirande amabwera ndi njomba zake kale, kenako wina n'kumamukalipira kuti asataye mpira, apatsire msanga. Pofika zaka 18 njomba zija zatha, watsala wongopatsira.

---

NaBanda wa ku Ndirande anayankha:

Abambo inu mwakamba za m'bwalo, ine ndikambe za kunja kwa mpanda, chifukwa nkhanza za masiku amenewo sizinkathera pa mzere woyera.

Mayi anga ankagulitsa mandasi ndi nthochi panja pa sitediyamu, ndipo ine ndinkawathandiza kunyamula beseni. Tsiku la Bullets ndi Wanderers tinkagulitsa zonse, ndalama ya sabata yathunthu tsiku limodzi. Koma mayi ankakhala khutu lili m'bwalo. Akangomva phokoso lasintha, lachoka pa kuimba lafika pa kukuwa kwa mkwiyo, ankati mwanawe manga nsalu tizipita. Tsiku lina tinachedwa. Miyala inayamba kuuluka, utsi wokhetsa misozi n'kutipeza pa geti, anthu akutuluka mopondana. Beseni linapita, ndalama zinamwazika, ine ndinataya nsapato imodzi. Mayi ananyowetsa chitenje pa mpope wa nyumba ina n'kundiphimba nacho kumaso, tinayenda wapansi mpaka kunyumba chifukwa minibasi zonse zinathawa. Ndinali ndi zaka 11.

Ndiye mukamati mpira wakale unali wa amuna, muzikumbukira kuti ena ankalipira ndi amayi ogulitsa mandasi. Fainolo ya Carlsberg Cup ya 2003 ya matimu awiri omwewa sinathe bwino, ndipo chikhocho chinasowa mpaka 2012. Mu December 2013 ku Balaka, pa masewero a Silver Strikers ndi Wanderers, munthu anataya moyo. Anachoka kwawo kukaonera mpira basi.

Mpira ndimaukonda, musandimve molakwa, ndipo Fischer ndinkamukonda ngati mmene mukumukondera inu bambo a ku Chilomoni. Koma mukuti winga wolunjika difenda anatha? Mukuyang'ana mbali imodzi. Muonereni Tabitha Chawinga akamachokera kumanzere. Anatsogola pa ogoletsa ku Italy ali ku Inter, n'kukachitanso chimodzimodzi ku France ali ku PSG, kenako Lyon n'kumutenga. Mng'ono wake Temwa ku Kansas City Current anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 n'kusankhidwa wosewera woposa onse. Atsikana a ku Rumphi amenewo akaona difenda sabwerera m'mbuyo. Amamukankhira mpira kutsogolo n'kumuuza kuti tiye tithamange. Amagwetsedwa, amadzuka, amabweranso. Scorchers, timu yathu ya dziko ya amayi, inatenga chikho cha COSAFA mu 2023 inu mukudandaula za mawinga.

---

Mnyanja wa ku Chipata anayankha:

Moni abale a ku Malawi. Ine ndine wa kuno ku Zambia koma wailesi ya MBC tinkaimva bwinobwino, ndipo maina onse mwatchulawa tikuwadziwa. Munatiliza kawiri mu fainolo ya East and Central, 1978 ndi 1988, konse kwanu komweko. Akuluakulu kuno sanaiwale.

Kwa ife winga ndi Kalusha Bwalya, mwana wa ku Mufulira. Mwendo wamanzere uja. Mu 1988 ku Olympics ya ku Seoul tinachapa Italy 4-0, iye yekha zitatu, ndipo chaka chomwecho anasankhidwa wosewera woposa onse mu Africa. Anayambira kumbali kwenikweni, pa namba 11, asanayambe kusewera mkati. Matimu a ku Copperbelt, Mufulira Wanderers ndi Nkana, akakumana, zimene akufotokoza a Namba 3 zinali za tsiku ndi tsiku, chifukwa osewera ndi masapota omwe anali anthu a m'migodi. Kalusha anaphunzira kulumpha miyendo kumeneko asanapite ku Cercle Brugge ndi PSV.

Ndege ya timu yathu ya dziko itagwa ku Gabon mu April 1993 iye sanali m'menemo chifukwa ankachokera ku Holland payekha. Anatsogolera timu yatsopano mpaka fainolo ya Africa Cup ya 1994. Amene ankatiulutsira zonsezi, malemu Dennis Liwewe, anabadwira kwanu ku Malawi, ndiye tikamakangana za mpira tizikumbukira kuti mawu amene ankatiliza ife anali a mwana wanu.

---

Maule wa ku Chilomoni anayankha:

Mayi NaBanda, za a Chawinga mwanena zoona, ndipo mwana wanga wamkazi ndi amene amandiitana pa foni kuti bambo bwerani muone Temwa. Mtima umene ndikuunenawu ali nawo. Tsono funso langa likukulirakulira: ngati atsikana amene anayambira pa mabwalo a fumbi, ena akusewera ndi anyamata opanda nsapato, akutha kutero, anyamata athu a mu ligi akuletsedwa ndi ndani?

Za miyala ndi utsi, inenso ndinathawapo, ndipo mwana wanga sindinkamutenga pa masewero a matimu awiriwa mpaka atakula. Zimenezo zisabwererenso. Chimene ndikufuna chibwerere ndi chija cha June 2008, Egypt itabwera ili ndi chikho cha Africa m'manja, sitediyamu itadzaza mpaka pa makwerero, wa Bullets ndi wa Wanderers atakhala phewa ndi phewa. Anyamata anawalowa Aigupto aja mopanda mantha masewero onse, Chiukepo Msowoya n'kudzagoletsa nthawi yowonjezera. Munthu amene ndinakumbatirana naye tsiku limenelo anali atavala jezi ya buluu, sindimudziwa dzina mpaka lero. Tinayenda limodzi wapansi kuchoka pa Chichiri mpaka pa Ginnery Corner tikuimba.

Achimwene a ku Chipata, Kalusha timamulemekeza kuno, koma 1978 ndi 1988 muzingopirira nazo.

Pomaliza ndipemphe: alipo amene anasunga tepi ya masewero a Bullets ndi Orlando Pirates a 2004, kaya ya vidiyo kaya kaseti yojambula pa wailesi mawu a Steve Liwewe Banda? Pa YouTube ndafufuza osapeza kanthu. Ngati ilipo ndilembereni ku inbox, ndili ndi mnzanga ku Limbe amene amasamutsa matepi akale kuika pa flash, ndipo mtengo wake ndilipira ine. Madala a Nyerere, ngati muli ndi zithunzi za m'nyuzipepala za Lule kapena Clifton, zijambuleni ndi foni muziike pano, ana athu aziona.